Kapinga ndi Zomera Zoyanga: Chimamwa Madzi Ambiri N'chiti?

M'nkhani ino ndikufuna kufananitsa kapinga ndi zomera zoyanga pansi, poona mmene zimapiririra chilala komanso madzi amene zimafuna. Ndatenga chitsanzo cha kwathu kwa Kapondo m'boma la Mchinji, kumene mvula imayamba cha mu Novembala n'kusiya cha mu Epulo. Miyezi yotsalayo madzi amachokera pa mjigo kapena pachitsime, ndipo amawasenza pamutu ndi amayi ndi atsikana.

Choyamba, kapinga ndi wopirira. Dzuwa likanyanya, masamba ake amauma, koma timitsitsi take ta pansi pa nthaka timakhala ndi moyo, ndipo mvula yoyamba ikangogwa amaphukanso. Vuto limabwera pamene munthu afuna kuti kapingayo akhale wobiriwira chaka chonse. Akatswiri amalangiza kuthirira madzi okwana mamilimita 25 pa sabata. Pabwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, amenewa ndi malita 2,500, kapena kuti zigubu 125 za malita 20. Ndi banja liti lingathe kutunga madzi otere mu Okutobala chifukwa cha udzu wosadyedwa?

Chachiwiri, zomera zoyanga monga mbatata, maungu, khobwe ndi kalongonda zimaphimba nthaka ndi masamba otambalala. Mthunzi wake umaziziritsa nthaka, choncho chinyezi sichithawa msanga, ndipo madontho a mvula sakokolola dothi. Khobwe ndi kalongonda zimawonjezeranso chonde, popeza tizilombo tokhala m'mizu yake timakoka nayitrojeni wa mumpweya. Ngakhale zitauma m'chilimwe, zinyalala zake zimatsala ngati chofunda cha nthaka.

Komabe, sindikunena kuti zomera zoyanga sizifuna madzi. Maungu amafota msanga kukachita ng'amba, ndipo mbatata ya m'chilimwe imafuna kudimba. Khobwe ndiye amapirira kwambiri chifukwa muzu wake umazama. Kunena zoona, pa mpikisano wongokhala ndi moyo, kapinga akhoza kupambana zonsezi. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi othirira mbatata amabweza kholowa ndi mbatata, pamene othirira kapinga amangobweza kukongola.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba imene idadza ndi El Niño. Nyengo zotere zimatiphunzitsa kuwerengera chigubu chilichonse.

Pomaliza, maganizo anga ndi awa: kapinga abzalidwe pamalo opondedwa kawirikawiri monga pabwalo la mpira, ndipo tizimusiya aume m'chilimwe popanda kuchita manyazi. Malo otsala ozungulira nyumba, amene ambirife timangowasesa mpaka kukhala mbee, tiwaphimbe ndi zomera zoyanga zopatsa ndiwo.