Mlonda Wosaoneka wa M'sitolo Zikuluzikulu

Amayi anzanga, mukalowa m'sitolo yaikulu yogulitsa zakudya mumaona olandira ndalama, oyala katundu m'mashelefu ndi alonda a pakhomo. Koma pali mlonda wina amene simumuona. Ameneyu ndi mkulu woonetsetsa kuti kampani ikutsata malamulo ndiponso ikuchita malonda mwachilungamo. Pa Chingerezi amamutcha compliance officer.

Ambiri amene amafika pa udindowu amayamba ngati maloya, owerengera ndalama kapena akatswiri oyeza zakudya. Amakwera pang'onopang'ono mpaka kumapereka malipoti kwa akuluakulu a bodi ya kampani. Amatero kuti oyang'anira malonda, amene maso awo ali pa phindu, asathe kuwatseka pakamwa.

Ntchito yake ndi kuyendera mafakitale amene sitolo imaodako katundu, kuona ngati mafiriji akuzizira mokwanira, ngati masikelo sakubera ogula, ndiponso ngati zakudya zotha masiku zachotsedwa. Amaphunzitsa antchito kukana ziphuphu ndipo amawatsegulira njira youlula zolakwika mwachinsinsi. Chovuta koposa ndi kunena kuti ayi pamene ayiyo aluzitsa kampani ndalama zambiri.

Zimene zinachitika ku South Africa zikutionetsa kulemera kwa udindowu. Mu 2017 ndi 2018 kunabuka matenda a listeriosis. Anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ndipo ambiri mwa odwalawo anali makanda obadwa kumene. Pa 4 Malichi 2018, nduna ya zaumoyo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti kachilomboka kanapezeka mu poloni wa fakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane. Sitolo monga Shoprite, Pick n Pay ndi Woolworths zinachotsa nyama zokonzeratu m'mashelefu, ndipo maiko ena, kuphatikizapo Malawi, analetsa katunduyu kulowa.

Pa tsiku ngati limenelo mkuluyu ayenera kudziwa kumene katundu anachokera, sitolo zimene zinalandira, ndi mmene angachenjezere ogula msanga. Akachedwa, poloni uja wadyedwa kale.

Kachilombo ka listeria n'kachinyengo chifukwa kamaswana ngakhale m'firiji. Mayi woyembekezera angamve ngati chimfine chabe, koma mimba ikhoza kuchoka, mwana kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wakufa kapena wodwala kwambiri. Mwamwayi, kuphika chakudya mpaka chipse bwino kumapha kachilomboka.

Nanga inu muchitepo chiyani? Werengani tsiku lothera mphamvu musanagule. Mayi woyembekezera asadye poloni kapena soseji osaphika, ndipo mkaka wosawiritsa aupewe. Akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukamva kuti chakudya china chaletsedwa, musachidye kapena kugawira ena, ngakhale ndalama ikupwetekeni. Mukapeza chakudya choonongeka pa shelefu, uzani woyang'anira sitolo. Akapanda kuchitapo kanthu, kadandauleni ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission.

Mafunso okambirana pagulu:

1. Ambiri a ife timagulitsa mandasi, nsomba kapena thobwa. Kodi katundu wathu akayamba kuonongeka timatani naye?
2. Ndani m'gulu lathu amaona mabuku a ndalama kupatula msungichuma?
3. Mnzathu akatiuza choonadi chotiluzitsa, timamuthokoza kapena timamuda?