Phunziro la Sabata Ino: Kudzitokosa Khungu Ndi Tchimo Kapena Matenda?

Mawu oyamba ndi Mthenga Wabwino wa Lamulungu la 6 pa Chaka B akukamba za khungu. M'buku la Levitiko, mutu 13, munthu wopezeka ndi khate akulamulidwa kukakhala payekha, kunja kwa zithando. Pa Marko 1:40-45 Ambuye Yesu akumukhudza wakhate ndi dzanja lawo, chinthu chimene anthu ankachiopa.

Lero khate limachizika ndi mankhwala. Koma ilipo nthenda ina imene imapatula munthu popanda lamulo lomuthamangitsa: wodwalayo amadzipatula yekha. Iyi ndi nthenda yodzitokosa khungu. Munthu amafinya ziphuphu, kusenda nkhanambo, kapena kukoka kakhungu ka m'mbali mwa zikhadabo mpaka magazi kutuluka. Aliyense adachitapo zotere. Imakhala nthenda pamene munthu akudzipatsa zilonda mobwerezabwereza, wayesa kusiya kangapo koma walephera, ndipo zayamba kumusokoneza pa moyo wake: kuvala malaya aatali manja m'nyengo yotentha ya Okutobala, kuchedwa ku ntchito chifukwa cha galasi, kujomba kwaya pamene nkhope yatupa.

Si nthenda yatsopano. Dokotala wa khungu wa ku England, Erasmus Wilson, adailongosola mu 1875. Mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association lidailemba payokha m'buku lake la DSM-5 ndi dzina lakuti excoriation disorder, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo lidaiika m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, womwe udayamba kugwira ntchito mu 2022. Akatswiri amati imagwira munthu mmodzi kapena awiri mwa akuluakulu 100 alionse. Ndiye kuti m'tchalitchi chodzaza bwino simungalephere kupezeka angapo. Kawirikawiri imayamba pa msinkhu wotha msinkhu, nthawi ya ziphuphu, ndipo ambiri ofika nayo kuchipatala ndi akazi, ngakhale amuna nawo ilipo.

Kudzitokosaku kumabwera m'njira ziwiri. Nthawi zina dzanja limangoyenda lokha munthu akumvera wailesi, akuwerenga kapena akuyang'ana foni, n'kudzazindikira ataona magazi. Nthawi zina munthu amadziwa bwino: mtima uli m'mwamba ndi nkhawa, chala chakhudza kanthu kokakala, ndipo sapeza mtendere mpaka atakachotsa. Akachotsa, mtima umakhala pansi kwa kanthawi. Kenaka manyazi amabwera, manyaziwo n'kubala nkhawa ina, ndipo chilonda chija chikamauma chimapanga nkhanambo yatsopano yoti dzanja lidzaipeze mawa. Pakhungu lakuda, chilonda chikapola chimasiya banga lodera lomwe limatenga miyezi kuti lizimirire. Ena amathamangira mafuta oyeretsa khungu, osadziwa kuti ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala a steroid amene amapepukitsa khungu ndi kuchulukitsa ziphuphu.

Funso limene limasautsa Mkhristu wodwala chonchi n'lakuti: kodi akuchimwa? Amamva kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19), n'kumadziona ngati wogumula nyumba ya Mulungu tsiku ndi tsiku. Ena amafika poleka kulandira Ukaristia. Mpingo suphunzitsa choncho. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1857, akuti tchimo lalikulu limafuna zinthu zitatu pamodzi: nkhani yaikulu, kudziwa kwathunthu, ndi kuvomera mwadala. Pa nambala 1735 akuwonjezera kuti mlandu wa munthu ungachepe, kapena kutheratu, chifukwa cha kusazindikira, mantha, chizolowezi ndi zovuta za m'maganizo. Dzanja loyenda mwini wake asakudziwa silinavomere kanthu. Paulo Woyera yemwe, pa Aroma 7, akudandaula kuti amapezeka akuchita zimene sakuzifuna. Udindo umene wodwalayo ali nawo ndi wa pa nambala 2288, wosamala thanzi lake mwanzeru, kutanthauza kufuna chithandizo. Sikulodzedwa, ndiponso si chiwanda chofuna kutulutsidwa. Banja lothamangira kumeneko limangomuwonjezera mantha mwana wamantha kale.

Kungolimba mtima sikukwanira. Ambiri adalumbirapo pa Lachitatu la Phulusa kuti asiya, n'kugwa sabata isanathe. Njira imene yathandiza ambiri idakonzedwa ndi akatswiri a maganizo Nathan Azrin ndi Gregory Nunn mu 1973, ndipo imatchedwa habit reversal training. Imayamba ndi kudzidziwa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri munthu amalemba m'kabuku nthawi, malo ndi mmene mumtima munalili pamene dzanja linayamba. Ambiri amadabwa kuona kuti vuto lomwe ankati n'la tsiku lonse lili ndi nthawi zake: pogona, m'bafa, pamaso pa galasi. Akadziwa, amaphunzira kulipatsa dzanja chochita china chilakolako chikangoyamba, monga kufumbata nkhonya kapena kukhalira manja kwa mphindi imodzi, kufikira chitaphwa. Chimaphwa ndithu, ngakhale wodwalayo poyamba sakhulupirira.

Zina n'zapafupi: kuwenga zikhadabo, kuphimba galasi ndi nsalu, kumata pulasitala pachilonda kapena pachala chotokosacho, kupaka Vaseline pankhanambo kuti isakakale. Madzulo manja akhale ndi ntchito: kusenda mtedza, kutong'ola chimanga, kuluka. Mikanda ya kolona nayo imagwira zala ndi kukhazika mtima nthawi imodzi, ndipo palibe cholakwika kuigwiritsa ntchito motero. Kugwanso kumachitika, makamaka pa mayeso, pa maliro kapena pamene m'nyumba mulibe mtendere. Wogwa atsuke chilonda, achimange, alembe m'kabuku muja chimene chinachititsa.

Kunyumba n'kumene zambiri zimawonongekera. Kukalipa, kumenya dzanja, kumuonetsa mwana kwa alendo kuti aone mmene wadziwonongera nkhope, zonsezi zimangomuphunzitsa kukachitira kobisika. Kuli bwino kugwirizana naye chizindikiro cha awiri, monga kumutchula dzina motsitsa mawu kapena kumupatsa kanthu kogwira. Akhristu a mumphakati nawo adziwe kuti nthendayi siyopatsirana. Dzanja la zipsera lilandiridwe pa nthawi yopatsana mtendere monga lina lililonse.

Kuyabwa kwenikweni n'kwina. Mphere, chipere ndi matenda ena a khungu ali ndi mankhwala ake, choncho nkofunika kuyamba kuonedwa kuchipatala. Chilonda chotupa, chotentha, cha mafinya kapena chobwera ndi kutentha thupi chisadikire, makamaka kwa wodwala shuga kapena amene chitetezo chake n'chotsika. Pamene pali nkhawa yaikulu, kukhumudwa kosatha kapena maganizo odzipha, thandizo lilipo kwa anamwino a zamaganizo m'zipatala za maboma, ku Zomba Mental Hospital, ndi kwa a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri akafika pamaso pa dokotala amangoti ndi ziphuphu kapena udzudzu, n'kubwerako ndi mafuta opaka okha. Wopita kumeneko akanene poyera kuti zilondazo amadzipatsa yekha ndipo akulephera kusiya. Ngati pakamwa palemera, alembe papepala kapena atenge mbale womukhulupirira akamunenere.