Injini Yonjenjemera M'mawa wa Chisanu

Monga zimakhalira chaka ndi chaka mwezi wa June ukalowa, makalata odandaula za galimoto atichulukira, ndipo tasankhapo awiri amene nthenda yake ioneka ngati imodzi, chinkana magwero ake ndi osiyana.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Dedza, amene amanyamula mbatata ya kachewere pa Toyota Hilux yakale ya dizilo. Iwo akuti: "Ndikailiza mamawa imadzuka monyinyirika, imanjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka, ndipo imatulutsa utsi woyera wowawa m'maso, koma pakapita mphindi zochepa imakhazikika, n'kuyenda bwino tsiku lonse. Anzanga akuti pampu yatha. Kodi ndikaimasulitse?"

Bambo, pampuyo ilekeni kaye pomwe ilipo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pampu imene yathadi sichira chifukwa choti dzuwa lakwera. Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto. Mafuta ake amayaka chifukwa mpweya, ukapanikizidwa kolimba m'silinda, umatentha wokha. Koma pamene chitsulo chagonera mphepo ya kuphiri usiku wonse, chimamwa kutentha konseko mafuta asanayake, ndipo n'chifukwa chake opanga anaika pa silinda iliyonse pulagi yotenthetsa, imene amakaniko amaitcha hita, yomwe imagwira ntchito pamene kanyali kooneka ngati waya wopotana kayaka kutsogolo kwanu. Mwa mahita anayi a injini yanu, imodzi ikapsa, masilinda atatu amasenza katundu wa anayi, pamene yachinayi ingolandira dizilo ndi kumulavula wosapsa, ndiwo utsi umene ukukuliritsani misozi. Ikafundidwa ndi kutentha kwa zinzake, nayonso imayamba kuyaka, ndipo kunjenjemera kumatha.

Kuyesa kwake sikufuna chuma. Masulani kachitsulo kamene kamalumikiza mitu ya mahita onse, pakuti mukakasiya, amoyo adzachitira umboni wakufa, ndipo onse adzaoneka abwino. Tengani kababu koyesera magetsi, waya wake mumange ku mutu wa batire wolembedwa +, nsonga yake mukhudzitse pamutu pa hita iliyonse payokha: kakayaka, hitayo ili moyo, kakapanda kuyaka, mwampeza wolakwa. Amene ali ndi mita adzaona kuti yamoyo imawerenga pafupifupi ohm imodzi. Pogula ena, nyamulani yakaleyo kusitolo kuti nambala zifanane, popeza mahita ofanana maonekedwe amasiyana mphamvu ya magetsi imene amalandira. Ndipo ngati thumba lilola, sinthani onse anayi, chifukwa anabadwa tsiku limodzi. Muwamasule injini ili yofunda, mosakakamiza, pakuti hita ikathyokera m'kati, ntchito ya ola limodzi isanduka yotsitsa mutu wa injini.

Mahita akapezeka osalakwa, ndipo fyuzi ndi relay yawo zikufikitsa magetsi, ganizirani mpweya wolowa m'njira ya mafuta. Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kodina ndi dzanja. Mawa, musanalize, kadineni mpaka kalimbe, ndipo injini ikadzuka mosalala, dziwani kuti pali paipi yong'aluka imene imalola dizilo kubwerera kuthanki usiku. Pomwepo tsegulaninso kotsitsira madzi kunsi kwa fyulutayo, makamaka inu ogula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene sadziwika kuti asakanizidwa ndi chiyani. Za manozo ndi kutha kwa mapisitoni tidzanene zonsezi zitalephera. Chimodzi chokha ndikupemphani: mbaula ya makala pansi pa injini, imene ena amaika m'mawa, yawotcha galimoto za anthu, ndipo musaiyese.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Mzuzu, mwini Nissan 1400 ya petulo, tija tinkapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008. Iwo akuti: "M'mawa ndikangochotsa phazi pa mafuta imazima. Wokonza wina anakweza sikuluwu ya kabureta, ndipo tsopano masana imalira mokuwa ndi kumwa petulo. Thermostat anaichotsa kale, ati kuno n'kotentha."

Mayi, amene anati ku Mzuzu n'kotentha sanagonepo kumeneko mu July. Petulo amayaka bwino akasanduka nthunzi, koma m'njira zozizira za injini amamatirira m'makoma ngati mame pa udzu, kotero kuti wofika m'silinda amachepa. Choko chinaikidwa kuti chichepetse mpweya kufikira injini itafunda. Vundukulani chivundikiro cha sefa ya mpweya injini ili yozizira, ndipo muone ngati kachitseko ka pakamwa pa kabureta kakutsekeka choko chikagwira, ndi kutseguka konse chikamasuka. Kawirikawiri waya wake amakhala atamasuka, kapena kachitsekoko kagwidwa ndi litsiro. Kenaka, injini ikulira, tcherani khutu pamene kabureta ikhalira ndi pamene manifodi akumana ndi mutu wa injini. Mukamva kutswiiza, gasiketi kapena kapaipi kakuba mpweya, ndipo mpata wotere umatsekeka wokha chitsulo chikafufuma ndi kutentha, n'chifukwa chake masana simuuona.

Koma mlandu waukulu uli pa thermostat, pakuti ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti asapite ku redieta kufikira atatentha pafupifupi madigiri 82, ndipo injini yopanda iyo imachedwa kufunda, imamwa mafuta, imadetsa mapulagi ndi mwaye, ndi kudya masilinda ake msanga. Bwezeretsani yatsopano, mutsuke kapena kusintha mapulagi, ndipo sikuluwu ija wokonzayo aibweze pamalo pake injini itatentha bwino, osati ili yozizira. Ikadzayamba kuwira thermostat itabwerera, muonetse redieta ndi lamba wa fani, pakuti mwina n'kumene vuto limene anaichotsera linali, ndipo mutilemberenso kuti tidzamve mmene zayendera.