Phunziro 7: Nthaka ndi Ufulu Wodzilamulira, Chitsanzo cha Nunavut

Cholinga cha phunziroli

M'phunziro lino tiona m'mene mtundu wa Inuit, wokhala kumpoto kwenikweni kwa dziko la Canada, unapezera ufulu pa nthaka ya makolo ao popanda nkhondo.

Chiyambi cha nkhaniyi

Anthu a Inuit amakhala m'dera lozizira kwambiri, lopanda mitengo, ndipo kuyambira kale moyo wao umadalira usodzi ndi ulenje. Kwa zaka zambiri boma la ku Ottawa linkawalamulira osawafunsa maganizo. Mu 1953 linasamutsira mabanja ena ku Resolute ndi Grise Fiord, kutali ndi kwao, kumene anavutika ndi njala. Boma linapepesa mu 2010. Ana ambiri analandidwanso kwa makolo ao nkuikidwa m'sukulu zogonera komweko, zina mwa izo zoyendetsedwa ndi amishoni. Pa 29 Julaye 2022, Papa Fransisko anapempha chikhululukiro ku Iqaluit chifukwa cha zimenezi.

Njira imene anatsata

Mu 1976 atsogoleri ao anapempha boma kuti liwapatse chigawo chaochao. Zokambirana zinatha mu 1993, pamene mbali ziwirizi zinasayina pangano. Anthu a Inuit analandira umwini wa malo pafupifupi masikweya kilomita 350,000 pamodzi ndi chipukuta misozi choposa madola a ku Canada biliyoni imodzi. Iwonso anavomera kusiya kudandaula za malo otsalawo.

Pa 1 Epulo 1999 chigawo cha Nunavut chinabadwa. Dzinali limatanthauza "dziko lathu". Nduna yake yoyamba inali Paul Okalik. Nyumba ya malamulo ilibe zipani. Aphungu amasankhidwa paokha ndipo amagwirizana pokambirana.

Komabe mphamvu pa malo a boma ndi migodi zinatsalira ku Ottawa. Pa 18 Januwale 2024 panasayinidwa pangano lina lozipereka ku boma la Nunavut, ndipo anaika tsiku la 1 Epulo 2027 kuti kusinthaku kuchitike.

Tikuphunzirapo chiyani?

Choyamba, pangano papepala silokwanira. Mu 2006 bungwe la anthu a Inuit linasumira boma la Canada chifukwa chosakwaniritsa malonjezo, ndipo mlanduwo unatha mu 2015 boma litavomera kulipira. Chachiwiri, Mpingo umaphunzitsa kuti zimene anthu angathe kuchita paokha, akuluakulu asawalande. Papa Piyo XI anafotokoza mfundoyi mu 1931. Chachitatu, ufulu umadza ndi udindo: kusowa kwa nyumba ndi kukwera mtengo kwa chakudya ndi mavuto amene atsogoleri a Nunavut ayenera kuyankhapo kwa anthu ao.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Werengani 1 Mafumu 21. Nchifukwa chiyani Naboti anakana kugulitsa munda wake?
2. Kwathu kuno, ndani amafunsidwa malo a makolo asanaperekedwe kwa ena? Nanga amai ndi achinyamata amamvedwa?
3. Atsogoleri akaphwanya lonjezo, tingachite chiyani mwamtendere?