Musangovina, atsikana anga, pekani gule wanu

Loweruka lina ndikuchokera kumsika wa Songani, ndinapeza atsikana asanu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mtsinje wa Domasi. Foni anali ataitsamiritsa pamwala, iwo n'kumatsanzira masitepe a mtsikana wina wa ku Johannesburg. Chiuno chinkamvera, phazi osaphonya. Ndinaima mpaka dengu linandilemera pamutu, ndipo ndinawafunsa kuti, "Nanga gule wanuwanu ndi uti?" Anangoyang'anana. N'chifukwa chake ndikukulankhulani lero, ine amene ndavina m'chigwa chino kuyambira ndili buthu mpaka mawondo ayamba kulira.

Ana anga, gule sagwa kumwamba ngati mvula. Sitepe iliyonse ili ndi munthu amene anaiganiza, ndipo kuno kwathu ambiri mwa anthu amenewo ndi amayi. Mukamaonera likwata kapena chimtali, musamangoyang'ana amene akudula chiuno pakati. Yang'anani mayi uja woyambitsa nyimbo, wezulo ali m'khosi. Iyeyo ndiye amadziwa pamene bwalo litembenukire, pamene awiri alowere pakati, pamene ng'oma idukire. M'maiko ena dzina la munthu wotere limalembedwa pakhomo la holo, anthu n'kumalipira kuti aone ntchito yake. Ife timangoti "amayi aja a nyimbo," basi.

Ine ndinachedwa kuzizindikira. M'zaka za m'ma 1980 tinkavala nsalu za chipani, kukwera malole kukavinira akuluakulu. Nyimbo ndi masitepe tinkapeka tokha usiku, koloboyi akufuka, koma kukacha ulemu unkapita kwa okhala pamipando. Patapita zaka, kunabwera alendo ena ndi makamera. Anajambula gule amene ine ndi anzanga tinam'konza miyezi itatu, n'kutisiyira ya sopo. Kanemayo nditamuona, munalibe dzina langa ngakhale la mudzi wathu. Zinandiwawa, koma cholakwa chinali changanso: sindinafunse kanthu, sindinalembetse kanthu.

Alipo amayi a mu Africa muno amene sanalole zotere. Germaine Acogny anabadwira ku Benin mu 1944 nakulira ku Senegal. Mavinidwe ake anawamanga pa msana wa munthu, mmene umapindikira ndi kuwongoka, ndipo muzu wake ndi agogo ake aakazi, amene anali wansembe wa Chiyoruba. Anatsogolera sukulu ya Mudra Afrique ku Dakar kuyambira 1977 mpaka 1982, kenako anatsegula École des Sables m'mudzi wa asodzi wa Toubab Dialaw, kumene ophunzira amavina pamchenga. Mu 2021 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice, ali gogo ngati ine. Dada Masilo wa ku Soweto anaphunzira ballet mpaka kuidziwa bwino, ndipo mu 2010 anatenga gule wakale wa azungu, Swan Lake, n'kumuvinitsa opanda nsapato, mapazi akuponda nthaka mwachikwathu. Pokonza The Sacrifice anadzichepetsa nakaphunzira gule wa Atswana. Anamwalira mu Disembala 2024 ali ndi zaka 39 zokha, koma dzina lake silidzachoka pa ntchito zake. Onse awiri anayamba adziwa za makolo, kenako ananena zawo.

Inunso yambani pomwepo. Sankhani gule mmodzi, mupite kwa agogo amene amamudziwa. Musapite chimanjamanja, atungireni madzi, atolereni nkhuni. Afunseni chifukwa chake phazi lamanzere limatsala, chifukwa chake nyimbo iyi siimbidwa pamaliro. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ine sitepe imodzi ya likwata inanditengera mwezi wathunthu kuti ikhazikike m'chiuno. Koma za kutsimba, zimene anakanga amaphunzitsa ku nsondo, zisiyeni komweko. Si zonse zimene thupi likudziwa zoyenera kamera.

Mukatero, tsegulani maso m'chigwa chanu. Pitani kusikimu ya mpunga ya Domasi m'mawa, muone amayi akuwokera: msana uli chowerama, dzanja likubaya matope, phazi likubwerera m'mbuyo, onse mzere umodzi osauzana. Ameneyo ndi gule kale, akungodikira womupeka. Onani mwana woingitsa mbalame mmene amaponyera mkono. Funsani amayi ogulitsa matemba mmene anakhalira manja ali m'khosi nyanja ya Chilwa itauma mu 1995. Mtsikana wa ku Johannesburg sangativinire zimenezi, pakuti sanazione. Ndi zanu.

Thupi lisamaleni ngati khasu la mlimi. Yesererani tsiku ndi tsiku, ngakhale palibe ukwati kapena msonkhano, ndipo muyambe pang'onopang'ono minofu isanatenthe. Sukulu musasiye. Nora Chipaumire wa ku Mutare anayamba waphunzira zamalamulo ku University of Zimbabwe asanatchuke ndi gule ku America. Inu muli ndi mwayi: University of Malawi, kumene amaphunzitsa zisudzo ndi nyimbo, ili ku Zomba konkuno, ndipo phunziro la Expressive Arts limene munaphunzira kupulayimale limakonzedwa ku Malawi Institute of Education, pakhomo panu pomwe.

Za ndalama kambiranani ng'oma isanalire, ndipo zilembedwe papepala pamodzi ndi dzina la wopeka gule. Kufupa n'kwabwino, koma si malipiro. Wina akakuitanani kuti mukayeserere usiku muli nokha, kanani. Pitani m'gulu, masana, makolo akudziwa. Ndaona atsikana aluso akutayika panjira imeneyi, ndipo mpaka lero ndimawalira.

Foni sindikuletsani, ana anga. Koma Loweruka likudzali muitembenuze. Muiloze kwa agogo anu akuomba m'manja pakhonde, muyambe mwawafunsa dzina lawo lonse ndi la amene anawaphunzitsa. Mawa lake mukapeka gule wanu, mudzatchule maina amenewo poyamba, kenako lanu, mokweza, kuti a kuseri kwa phiri la Malosa amve.