Phunziro: Za Kukhala m'Tsinde mwa Phiri

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pakati pa mapiri. Munthu wa ku Nancholi akakweza maso aona Soche pafupi ndi Michiru chapatali. Akapita ku Limbe apeza Mpingwe ndi Bangwe. Popeza mapiriwa tiwaona masiku onse, ambiri a ife tinaleka kuwaganizira. Tsono m'phunziro lino tione zinthu zitatu: zabwino zimene phiri lipatsa anthu okhala m'tsinde mwake, tsoka limene lingawagwetsere, ndi makhalidwe oyenera munthu wokwera phiri.

1. Phiri ndi nkhokwe ya madzi

Mphepo yochokera ku nyanja yamchere ikagunda phiri imakwera m'mwamba. Pokwerapo imazizira, pakuti pa mamita 1,000 ali onse kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6, ndipo chinyontho chimene yanyamula chimasanduka mitambo ndi mvula. Chiperoni chimene chitizizira m'mwezi wa Juni ndi Julayi chinatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumbali kumene mphepoyo ichokera.

Phiri la Mulanje ndilo litiphunzitsa bwino zimenezi. Nsonga yake, Sapitwa, itukuka mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi muno. M'phirimo mutuluka mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Lichenya. Chifukwa cha mvula yambiri, tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, napita ku Thyolo pambuyo pake. Timatauni ta Chitakale, Luchenza ndi Thyolo tadalira kwambiri minda ya tiyiyo ndi malonda a nanazi ndi nthochi. Ngakhale anthu a m'tauni adya za phirilo: kuyambira 2019 ena a ku Blantyre amwa madzi otengedwa mu mtsinje wa Likhubula m'mipope.

Koma phiri lisunga madzi pokhapokha likhala ndi mitengo. Masamba achepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimwa madzi, ndipo mizu iwalowetsa m'nthaka kuti atuluke pang'onopang'ono m'akasupe nthawi ya chilimwe.

2. Za Napolo

Makolo athu ankanena kuti Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Iwo anaona zoona, ngakhale anazifotokoza mwa njira yao. Chimene chimachitika ndi ichi: pamwamba pa thanthwe la phiri pali dothi losazama. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limakhuta madzi, limalemera, ndipo pakati pa dothi ndi thanthwe pamaterera. Pamenepo dothi, miyala ndi mitengo zimatsetsereka pamodzi, ndi kulowa m'makwawa ndi liwiro loti munthu sangalithawe.

Zotere zinaoneka ku Zomba m'Disembala 1946, ndiponso ku Phalombe m'Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka ndi kupha anthu mazanamazana. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala natsikira pa nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Tisanene kuti kudula mitengo kokha ndiko kubweretsa Napolo, pakuti mvula yoopsa igumula ngakhale phiri la nkhalango. Koma phiri lometedwa ligumuka msanga, ndipo imfa zichuluka pamene anthu amanga nyumba pamtsetse ndi m'njira za madzi. Akulu anati, madzi saiwala khwawa. Khwawa louma zaka 20 likadali khwawa.

Chifukwa chake wogula malo m'mbali mwa phiri ayambe wafunsa nkhalamba za pamalopo kumene madzi ankadzera kale. Akaona miyala ikuluikulu yoti mbwee m'chigwa, adziwe kuti inabwera ndi madzi, ndipo ina ingathe kuitsata. Nthawi ya mvula yosakata, zizindikiro ndi izi: ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'zipupa, mitengo yoyamba kupendekeka, kasupe wotumphuka pamalo pamene panalibe, mtsinje wophwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Ukaona izi usayambe kumanga katundu. Tenga ana, dzutsa anansi, ndipo uthawire chammbali, kutali ndi khwawa, osati kutsika nalo.

3. Za kukwera phiri

Phiri ndi malo abwinonso opumulirako ndi kulimbitsa thupi. Ku Michiru kuli nkhalango yotetezedwa ndi tinjira toyendamo, ndipo chakumbali ya Chilomoni akhristu akwera Njira ya Mtanda. Pamwamba pa Mulanje pali nyumba zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Anyamata a ku Likhubula apeza ndalama poperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu, ndipo mpikisano wa liwiro wa Porters Race unayambira pa ntchito yaoyo.

Wokwera phiri asunge malamulo awa. Asapite yekha, ndipo ku Mulanje atenge woperekeza wodziwa njira, pakuti nkhungu imatsika mwadzidzidzi, ndipo alendo ena anataya moyo posochera ku Sapitwa. Anyamuke m'mamawa, atauza a kunyumba kumene apita. Atenge madzi, kamba ndi chovala chofunda. Asaoloke mtsinje wodzala. Koposa zonse asasiye moto, pakuti moto ndi macheka ndizo zatha mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kuli konse pa dziko lapansi. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha anthu onse. Ulemu umenewo udza ndi udindo.

Phiri lathu la Soche silili pa mndandanda wotere, koma ana athu agona m'tsinde mwake. Kubzala mtengo ndi kuuteteza ku moto ndi mbuzi kufikira utakula, ndiyo ntchito imene banja liri lonse lingathe.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa ninji mvula ichuluka m'mbali mwa mapiri?
2. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti phiri lifuna kugumuka.
3. Kodi m'dera lanu makwawa akale ali pati, ndipo mwamangidwa nyumba zingati?
4. Madzi atabwera usiku, banja lanu lingathawire kuti?