Galimoto Yosambira ya Matayala 6: Ndigule Kapena Ndisiye?

Muulutsi: Nthawi ya mafunso a zamagalimoto yakwana. Amisiri athu akhala kale pampando, zikhadabo zili bii ndi girizi ngati masiku onse. Kalata yoyamba yachokera kutali, kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito ku Leicester, ku England. Akuti: "Pafamu ina kuno ndapeza chigalimoto chakale cha asilikali, cha matayala 6, dzina lake Alvis Stalwart. Mwini wake akuti chimayenda pamtunda ndi pamadzi pomwe, koma chakhala m'shedi zaka zoposa 10 osalira. Mtengo ndi wabwino ndipo tulo sindikugona nacho. Ndigule n'kuchidzutsa?"

Mmisiri: Achimwene, matenda amenewa ndikuwadziwa, inenso anandigwirapo. Choncho sindikusekani, koma sindikunyengererani.

Galimoto mwaionayo asilikali a ku Britain ankangoitcha Stolly. Inapangidwa ndi kampani ya Alvis mumzinda wa Coventry m'zaka za m'ma 1960, kuti izinyamula katundu wa matani 5, zipolopolo ndi mafuta, n'kuwoloka nazo mitsinje osadikira mlatho. Injini yake ndi Rolls-Royce B81, ya petulo, masilinda 8, malita 6.5. Imalira mokoma, sindikana. Koma lita imodzi ya petulo imakuperekezani kilomita imodzi ndi theka basi, n'kukutsanzikani.

Za mafuta zichepa. Nkhani ili kunsi. Galimoto imeneyi ili ndi difu imodzi yokha, pakati, yogawa mphamvu kumanzere ndi kumanja. Matayala atatu a mbali imodzi ndi omangirirana, ngati ng'ombe zitatu m'goli limodzi, onse ayenera kuzungulira mofanana. M'matope kapena mumchenga palibe vuto, chifukwa tayala limaterereka pang'ono zitsulo n'kupuma. Koma pamsewu wa tala tayala lililonse limagwira nganganga. Mukakhota, lakutsogolo likufuna kuyenda mtunda wina, lapakati wina, ndiye mashafiti amapotokoka, kupotokoka, mpaka mano a timagiya ta pafupi ndi tayala athyoka. N'chifukwa chake asilikali ankajambula mzere woyera pakati pa tayala lililonse. Mizere itatu ikamaloza kumodzi, zinthu zili bwino. Umodzi ukasemphana ndi inzake, kwafa chinthu m'katimo.

Inunso mukapita kufamuko kachiteni zomwezo ndi choko. Ngati injini sikulira, ikani jeke, kwezani tayala limodzi, mulizunguze ndi manja. Likangozungulira mwaufulu anzake ali pansi, dziwani kuti pathyoka chinthu kapena wina anachotsa shafiti. Muchite choncho matayala onse 6, osatopa.

Muulutsi: Nanga zosambirazo, amisiri? Chakopa m'bale wathuyu n'chimenecho.

Mmisiri: Apo ndiye afunse bwino. Stalwart sipalasa ndi pulopela, imakoka madzi n'kuwalavula kumbuyo ndi mapampu awiri akuluakulu a kampani ya Dowty. Koma m'zaka za m'ma 1980 asilikali anasiya kuzisambitsa, ndipo zambiri anazichotsa zida zimenezo. Mwini famu akanena kuti imasambira, muuzeni akuonetseni mapampuwo ndi maso, musangomva za m'maluwa.

Kenako thupi lake. Ndikuuzeni zimene ndinaona. Tsiku lina mnzanga ananditenga kuti tikaone galimoto ya mtundu womwewu. Penti yobiriwira, yatsopano, mpaka kununkhira. Ndinatsika m'mimba mwake ndi tochi, pansi pamene madzi a mvula amadikha, n'kugogoda ndi hamala. Chitsulo chabwino chimayankha kuti ngwee, ichi chinangoti phu. Nditakanikiza sikuludiraiva, inalowa ngati mu papaya wakupsa, kuwala kwa panja n'kuonekera. Wogulitsa uja anangoti, "Aa, kabowo kamodzi, n'kowotcherera." Tinawerenga timabowo 11 tisanafike n'kumbuyo komwe. Lole wamba ikachita dzimbiri imangonyansa koma imayenda. Iyi ikachita dzimbiri ndi bwato lobooka.

Musanapereke ndalama, imbaninso foni ku DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko. Galimotoyi m'lifupi ndi mamita 2.6 ndipo ikulemera pafupifupi matani 9 yopanda katundu, ndiye funsani ngati adzakulolani kuilembetsa kuti iziyenda pamsewu, komanso ngati laisensi yanu ya galimoto yaing'ono ingakwanire. Mabuleki onse, mapaipi ndi malabala, mukhala mukusintha, chifukwa labala yokhala zaka 10 yafa kale. Ndalama yogulirayo muione ngati chikole chabe, ukwati weniweni uli kutsogolo. Ngati thupi lili lolimba, muli ndi shedi yaitali, ndi mnzanu wodziwa kuwotcherera amene sakulipiritsani ola lililonse, gulani, muzisewera nayo m'minda ndi ku zionetsero za magalimoto akale. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, malo oimika galimoto ndi amodzi, kajambulitseni nayo chithunzi mubwerere.

Muulutsi: Amva. Kalata yachiwiri ndi ya mayi amene ali ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Akuti pa YouTube aona magalimoto otchedwa Duck akunyamula alendo mumsewu kenako n'kulowa nawo m'madzi. Mlongo wawo ku America wapeza imodzi yakale, yofuna kukonza. Akufunsa ngati angaiitanitse kuti iziyendetsa alendo panyanja.

Mmisiri: Mayi, maganizo a bizinesi ndi abwino, koma apa yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndinena chifukwa chake.

Duck imeneyo dzina lake amalemba DUKW. Inapangidwa ndi GMC kuyambira 1942 mpaka 1945, zonse pamodzi 21,147. Anatenga lole ya asilikali ya matani awiri ndi theka n'kuiveka thupi la boti, ndipo mmodzi wa amene anajambula thupilo anali Rod Stephens, katswiri wa maboti a mpikisano. Inagwira ntchito yotamandika potsitsa katundu m'sitima ku Sicily mu 1943 ndi ku Normandy mu 1944. Dalaivala ankatha kuphwetsa kapena kupopa matayala ali pampando pomwepo, akafika pamchenga. Ndimaipatsa ulemu. Koma yaing'ono mwa zonsezo yakwanitsa zaka 80, ndipo anaipangira nkhondo, osati kuti idzaone adzukulu.

Ganizirani izi, mayi. Injini ili m'kati mwa boti, matayala ali kunja. Ndiye kuti mashafiti aboola thupi la botilo, ndipo chotseka mabowo amenewo ndi labala ndi kachitsulo komangira. Pa 1 May 1999, pa Lake Hamilton ku Arkansas, labala imodzi yotere inavuka pa Duck yotchedwa Miss Majestic. Madzi analowa, pampu yaikulu yochotsa madzi sinagwire ntchito, inamira m'mphindi zochepa, anthu 13 anafa. Denga lake lotchinga dzuwa ndi limene linawatsekereza, osatha kutuluka. Pa 19 July 2018, pa Table Rock Lake ku Missouri, mphepo ya mkuntho inapeza ina ili pamadzi ndi anthu 31, ndipo 17 anafa. Ku Liverpool mu 2013 zinamira ziwiri padoko, pamadzi odekha, mwamwayi osafa munthu.

Kumeneko n'kumene kuli masipeya ndi oyendera maboti pafupi. Inu mukuidziwa nyanja yathu kuposa ine. M'mawa ili zii ngati madzi a m'beseni, pofika masana mwera wadzuka, asodzi akukokera mabwato kumtunda. Duck pamadzi imangokwanitsa makilomita 10 pa ola, ndipo ikadzaza anthu imakhala yotitimira, mafunde salimbana nayo kuti alowe. Mwera sungauthawe ndi liwiro limenelo.

Kubwera nayo komwe ndi mlandu. Kutalika mamita 9.5, m'lifupi 2.5, mu kontena silowa. Muilipirira malo akeake pasitima mpaka Beira kapena Dar es Salaam, kenako thiraki yoinyamula, kenako msonkho. Ndalama imeneyo ikugulirani boti labwino la injini ya kumbuyo, majekete oyandamitsa a munthu aliyense, n'kutsalako ya minibasi yokatenga alendo.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma ka uthenga aka ka pafoni kachokera ku Nsanje. Bambowa akuti, nanga pa madzi osefukira, ngati a namondwe Freddy mu 2023, magalimoto otere sakanapulumutsa anthu?

Mmisiri: Funso la nzeru, bambo, ndipo zinachitikapo. Mu 1953 nyanja itasefukira ku Netherlands, ma DUKW a asilikali anapulumutsa anthu ambiri. Koma nthawi imeneyo anali ndi zaka 10 zokha, ali ndi amakaniko awo ndi masipeya odzaza sitolo. Komanso mdani wa galimoto imeneyi ndi matope. Kulowa m'madzi imalowa bwino, kutuluka pagombe la matope ofewa n'kumene imatitimira mpaka pamimba. Inu a kuchigwa mukudziwa mmene dothi la m'mbali mwa Shire limakhalira madzi akaphwera, ndiponso mmene Ruo amathamangira atanyamula mitengo yathunthu. Pamenepo ine ndingakwere boti lopepuka la injini yamphamvu, loti anyamata 6 alinyamula likakakamira.

Muulutsi: Mawu otsiriza kwa wa ku Leicester uja?

Mmisiri: Atenge choko, tochi, jeke yaikulu ndi hamala. Akatijambulire kunsi ndi m'mimba mwake, chithunzi cha kutsogolo sitikuchifuna. Akatumiza tidzachione limodzi sabata yamawa.